Chitsulo Chimene Apongozi Anaviika M'madzi

Amene anandilakwira ndi apongozi anga aamuna, bambo ake a mkazi wanga woyamba. Anatola chitsulo chimene ine ndinachotsa ku galimoto yawo n'kutaya, anachiwotcha, anachiwongola, n'kuchibwezera pamalo ine kulibe. Chitathyoka pamsewu n'kudulitsa mwendo wa mwana wawo, anauza anthu kuti galimotoyo anamanga ndine. Ndinamenyedwa mpaka dzino lakutsogolo linatsala m'ngalande, khutu lakumanzere silimva mpaka lero, ndipo iwo anaima pomwepo manja ali kumbuyo.

Sindidzikometsera. Ndinali wa mtima wapachala, ndipo ku Domasi aliyense ankadziwa. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, tsiku limene aphunzitsi anandimenya m'zala ndi mbali yakuthwa ya rula, ine n'kuwagenda ndi sileti. Amalume anga, achimwene awo a mayi, ananditengera ku Zomba kukandisiya pagalaja ya mmwenye wina. Ndinayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini, ndipo pomatha zaka zisanu kutsogolo kwa galimoto ndinkakudziwa kuposa akuluakulu ena. Kumenekonso ndinachoka moipa. Kapitawo anatukwana mayi anga, ine ndinamuswa phewa ndi sipanala ya mawilo. Ndinabwerera kuchigwa, ndinakwatira, n'kukakhala chikamwini pamudzi wa mkazi wanga, kumunsi kwa phiri, kufupi ndi mtsinje. Zimene ndikunenazi zinachitika chaka chimene mapaundi ndi mashileni anachoka n'kubwera makwacha. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda.

Pamudzipo ndinkayesetsa. Apongozi aakazi ndikawaona akubwera m'njira, ndinkapatukira m'udzu mpaka adutse. Aamunawo ndinkalankhula nawo, koma nditanyonyomala chapatali, maso pansi, mawu atatu kapena anayi, ndipo "ayi" sankakhala m'gulu la mawuwo. Nkhani ikakhala yolemera ndinkauza mkazi wanga, iye n'kukauza bambo ake, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Zaka zonse zimene ndinakhala pamenepo, nkhope ya bambowo sindinaiyang'anepo bwinobwino. Ndinkawadziwira mapazi ndi mawu.

Anali wosula zitsulo, ndipo ndisaname, anali mmisiri. Chipala chawo chinali pansi pa mtengo wa mango: mvukuto wa chikopa cha mbuzi, chidutswa cha njanji chosulirapo, ndi mgolo wodula pakati wodzaza madzi. Masipuling'i a malole akale ankawasandutsa nkhwangwa, makasu ndi mipeni yodulira mpunga. Chitsulo chikafiira, akachimenya mpaka chifike pamene akufuna, ankachiviika mumgolo muja, nthunzi n'kukwera mpaka m'masamba. Ndiko kulimbitsa kwake kumeneko, ndipo nkhwangwa yawo inkadula mtengo wouma osapindika pakamwa. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Akanena chinthu, anthu sankafunsanso kwina.

Galimotoyo inali pikiapu yakale imene anagula kwa wamalonda wina wa ku Naisi. Woyendetsa anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene anali asanakwatire. Loweruka lililonse inkanyamula matumba a mpunga kupita ku Zomba, amayi n'kukhala pamwamba pa matumbawo. Mlamuyo ankayendetsa ngati msewu ndi wake. Tsiku lina anagunda mwala powoloka kamtsinje, ndipo kuyambira pamenepo galimoto inayamba kukokera kumanzere, tayala likudyeka mkati mokha, kutsogolo kukulira gugugu pakabampu kalikonse. Mawu anabwera kudzera kwa mkazi wanga: ati bambo akuti muione.

Kutsogolo kwa galimoto yotero, gudumu lililonse limagwiridwa ndi zitsulo ziwiri zooneka ngati phanda, china pamwamba china pansi. Kugalaja tinkazitcha mawishiboni, koma pamudzi ndinkangoti mikono kuti anthu amve. Mkono wapansi ndiwo umasenza. Sipuling'i imakhala pa iwo, ndipo kulemera kwa injini ndi katundu kumatsikira pomwepo. Ukatha mkono umenewo, gudumu lilibenso mwini.

Dzenje logwiriramo ntchito kunalibe. Ndinakweza galimoto ndi jeke, ndinaikhazika pa zitsa za bulugamu, n'kuchotsa magudumu onse awiri. Ntchito yoopsa ndi sipuling'i. Imakhala yofinyidwa pakati pa mkono ndi thupi la galimoto, ndipo ukamasula mosaganiza imauluka. Kugalaja ndinaona ina ikuchotsa munthu chibwano, mano ake tinachita kusesa. Ndiye ine ndinkapisa unyolo m'kati mwa sipuling'i, kuumanga ku thupi la galimoto, kuika jeke pansi pa mkono, kumasula nati, kenako kutsitsa jeke pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka mphamvu yonse ithe.

Mlamu wanga anaona ngati ndikuchedwa dala. Ndili mbali yakumanzere, mutu wanga uli pafupi ndi sipuling'i, unyolo ndisanamange, iye anatenga nyundo ya bambo ake nayamba kukhoma pamene pagwira gudumu kuti pamasuke msanga. Ndinatuluka pansipo n'kumukankha. Anati mkamwini wabwera dzana ndiye aziwaphunzitsa galimoto yawo yomwe. Ndinamupatsa chibakera pakamwa, iye anandibwezera ndi mpini wa nyundo m'nthiti, tinagubuduzana pafumbi mpaka amayi amene ankapeta mpunga anatikoka. Magazi ali m'mano, ndinamuuza anthu onse akumva kuti galimoto imeneyi tsiku lina idzamupha. Ndinkanena za kayendetsedwe kake. Mawuwo anthu anawasunga.

Mkono wakumanja unali wabwino, anali atangotha mabushi, timphira timene timakhala pamene mkono umalumikizana ndi thupi la galimoto. Atsopano kunalibe kowagula pafupi. Ndinadula m'mbali mwa tayala lakale la lole ndi mpeni woviika m'madzi, ndinaboola pakati ndi paipi yonola, ndinapaka sopo, n'kulowetsa pokoka ndi bawuti lalitali. Imeneyo inali ntchito ya tsiku lathunthu, zala zonse zinachita matuza, koma inakhala bwino.

Wakumanzere ndiwo unali ndi vuto. Unali wopindika, ukauika pafupi ndi unzake unkachita kuoneka. Ndinaimangirira yonse iwiri pa waya kunthambi n'kuigogoda ndi sipanala. Wakumanja unaimba nthawi yaitali. Wakumanzere unangoti phwa, ngati mphika wong'aluka. Ndinautsuka m'palafini, ndinaupukuta mpaka kuuma, ndinapempha ufa woyera kwa mkazi wanga n'kuwaza pamwamba. Posakhalitsa palafini amene anabisala mumng'alu anatuluka n'kunyowetsa ufa, ndipo panaoneka kamzere kakuda ngati tsitsi, kuchokera m'mphepete kukafika pakati, pafupi ndi pamene pagwira gudumu.

Ndinatuma mkazi wanga kuti akawauze bambo kuti chitsulochi chafa, chofunika china. Anabwerera n'kunena kuti ati palibe chitsulo chimene chimafa, iwo akhala akuwongola zitsulo kuyambira ine ndisanabadwe, ndichipititse kuchipala. Ndinamutumanso kuti akanene kuti mkono wa galimoto si khasu. Khasu limafuna kuuma, koma mkono umafuna kupirira, uzigwedezeka ndi msewu osathyoka. Ukauwotcha n'kuuviika m'madzi umauma ngati galasi, ndipo mng'alu moto suutseka. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti iye angakaime pamaso pa bambo ake n'kuwaphunzitsa za moto.

Ndiye ndinapita ndekha. Ndinanyamula mkonowo ufa uli pomwepo, ndinauika pansi patsogolo pa chipala, ndinabwerera m'mbuyo n'kunyonyomala. Ndinati, "Bambo, pali mng'alu apo." Ndinaona dzanja lawo likutsika, chikhadabo cha chala chachikulu chikukanda pamzere paja kawiri. Anati, "Ndaona." Basi. Ndinautenga, ndinaumanga kansanza kofiira, n'kukauponya kuseri kwa nkhokwe. Ndinkayesa kuti nkhani yatha.

Ndinali nditamva kuti kupitirira Malosa, njira ya ku Liwonde, pakhomo pa wamalonda wina wachisilamu pali galimoto ya mtundu womwewo imene lole inaiphwanya kumbuyo, kutsogolo kuli bwinobwino. Lachinayi m'mawa ndinatenga njinga ndi masipanala, ndinamuuza mkazi wanga kuti ndibwera Loweruka, galimoto asaikhudze munthu. Bambo wa kumeneko anali munthu wabwino. Anati nditenge mkonowo, koma ndiyambe ndawaonera mabuleki a lole yawo. Lachisanu iwo atapita ku mzikiti, ine ndinali pansi pa chigalimoto chija kulimbana ndi mabawuti a dzimbiri, kuthira palafini, kudikira, kuyesanso. Mkono unatuluka wowongoka, ndipo nditaugogoda unaimba. Loweruka m'mawa ndinaumanga pakaliyala n'kuyamba ulendo wobwerera, ndikuimba nyimbo m'njira ngati chitsiru.

Nditafika pakhomo dzuwa lili pamutu, zitsa za bulugamu zinali zokha. Pansi panali dontho la oilo ndi mapazi a matayala. Kuseri kwa nkhokwe kunali kansanza kofiira kokha. Ndinamufunsa mkazi wanga kuti galimoto ili kuti, iye anangogwira pakamwa. Ndisanafunsenso panatulukira munthu panjinga akukuwa kuti galimoto ya mpunga yagwa ku Naisi. Apongozi ndi anyamata a pamudzi anali atamva kale kumunda, anali atanyamuka. Ndinapalasa osamasula n'komwe mkono uja pakaliyala.

Inagwera potsetsereka, pamene msewu umakhota pang'ono. Mphuno inali m'ngalande, gudumu lakumanzere litapindikira pansi ngati mwendo wa mbuzi yothyoka. Matumba anaphulika, mpunga unali mbwee mumsewu, wina wofiira. Amayi awiri anakhala m'mbali akulira, mmodzi mutu utang'ambika, wina mkono ukulendewera. Mlamu wanga anali atamutenga kale pa lole kupita naye kuchipatala ku Zomba. Anthu ankati mwendo wake unapanikizika pansi pa chiwongolero, pomutulutsa unali nyama yokhayokha.

Ndinalowa pansi pa galimoto chagada. Mkono unali womwe uja ndinauponya kuseri kwa nkhokwe. Unali wakuda ndi moto, uli ndi mabala a nyundo mbali zonse, wowongoka bwino ndithu, pakuti munthuyo ankadziwa kuwongola. Unaduka pamzere womwe uja. Theka la pothyokapo linali lakuda, mng'alu wakale, theka linalo likunyezimira ngati mchere.

Ndili chiyang'anire, wina anandigwira miyendo n'kundikoka. Anali asuweni a mkazi wanga ndi anyamata ena a pamudzi, asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndinamva mawu a apongozi, osakweza, mawu omwe aja a kutchalitchi. Anati anamanga ndi ameneyu, anamaliza Lachinayi n'kuthawa, paja ananena yekha kuti galimotoyi idzamupha mwana wanga.

Sindinagwade kupempha. Sipanala inali m'thumba, ndinaitulutsa n'kuswa mphuno ya woyamba. Wachiwiri ndinamuluma padzanja mpaka ndinamva fupa. Kenako wina anandimenya ndi chibonga kukhutu, dziko linazungulira, ndinagwa. Anandiponda kumaso, m'mimba, pamsana. Wina ankandiwomba mutu pa chitseko cha galimoto akuwerenga. Ndili pansi ndinkaona mapazi a apongozi, nsapato zawo za matayala, osasuntha. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi pamsewu, munthu wosandidziwa. Anandigwera pamwamba thupi lonse n'kunena kuti amene akufuna kupha ayambe iyeyo. Anandisiya. Njinga yanga ndinaikankha mpaka kunyumba, mkono wabwino uja uli pakaliyala, palibe amene anafunsa kuti munthu woti wamaliza ntchito akuyenderanji ndi chitsulo chimenecho.

Mwendo anaudula pamwamba pa bondo. Mlamu wanga atayamba kulankhula anati sakukumbuka kanthu. Pamudzi palibe amene ankandipatsa moni. Anthu anandiona masiku anayi ndili pansi pa galimoto ija, anandimva ndikutemberera, ndipo mbiri ya kapitawo wa ku Zomba ankaidziwa. Lachisanu limene chitsulo chinawotchedwa, mudzi wonse unali kodula mpunga, ndipo utsi wa pachipala sunali wachilendo kwa munthu.

M'mawa wina ndinamutsatira mkazi wanga kumtsinje kumene ankachapa. Ndinamufunsa kuti anaona chiyani Lachisanu lija. Anachapa malaya amodzi nthawi yaitali. Kenako anati mgolo unali utaphwa, bambo anamutuma madzi.

"Madzi ake ndinatunga ndine," anatero. "Ndowa zitatu. Achimwene ndi amene ankapopa mvukuto, n'kudzamanga onse awiri."

Ndinamuuza kuti akanene zimenezo pagulu. Anati ndi bambo ake. Ndinati nanga ine ndine ndani. Ndinatenga ndowa yake n'kuiponya pamwala mpaka inaphwanyika pansi, mwana amene anali kumsana anadzidzimuka nayamba kulira. Dzanja ndinalikweza, sindikana, koma ndinalibweza. Ndinachoka.

Galimoto anaikoka ndi ng'ombe n'kuibweretsa pansi pa mango. Patatha milungu ingapo mlamu anatuluka m'chipatala, ndipo akuchikazi anatumiza mawu kwathu kuseri kwa phiri kuti ankhoswe abwere. Anabwera amalume omwe aja anandipititsa kugalaja, pakuti ndiwo anali ankhoswe anga. Anayamba akambirana ndi amalume ake a mkazi wanga, kenako anandiitanira kumunda kuti tilankhule awiri.

Anati zinthu zili motere. Akuchikazi ambiri akufuna ndichoke. Koma apongozi, poti ndi munthu wa Mulungu, anena kuti ndikagwada pagulu ndi nkhuku m'manja, amalume n'kupepesa m'malo mwanga kuti ndinalakwitsa ntchito mosadziwa, andikhululukira ndipo ndikhala. Ndikakana, ndinyamule bulangeti langa. Mwana atsala, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Ndinawafotokozera zonse, za ufa, za mgolo, za ndowa zitatu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti akundikhulupirira, koma kundikhulupirira kwawo sikusintha kanthu.

"Meza, mphwanga," anatero. "Chitsulocho sichidzakuitana kuti bambo. Mwana uja ndiye adzakuitana."

Ndinavomera. Ndinavomera ndi mtima wonse, osati mwachinyengo. Nkhuku ndinagwira ndekha, yaikulu yakuda, ndinaimanga miyendo ndi luzi. Ndinadziuza kuti ndi mphindi zochepa chabe, maso pansi monga mwa masiku onse, ndipo mwana wanga ndizimuona akukula.

Tinakhala m'mawa pabwalo la apongozi, pafupi ndi chipala. Amayi anakhala pamkeka mbali ina, apongozi aakazi atatembenukira kumbali kuti tisaonane. Mkazi wanga anali kumapeto, mwana ali pamiyendo. Mlamu anamukhazika pampando, mwendo wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi pini, ndodo zake zili pansi. Asuweni aja anaima kumbuyo, mmodzi mphuno itakhota. Ine ndinagwada pakati, nkhuku m'manja.

Amalume ake a mkazi wanga analankhula nthawi yaitali za mwendo, za amayi awiri aja, za mpunga. Amalume anga anayankha bwino, mawu ofewa, kuti mwana ndi mwana, dzanja linaphonya, mtima sunafune. Ine ndinkangoyang'ana nyerere pansi. Zonse zinkayenda. Kenako apongozi anatsokomola n'kuyamba. Anati akhululuka, pakuti nawonso amakhululukidwa. Anati sasunga mangawa. Anthu anawomba m'manja pang'onopang'ono. Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani iyi kulibe.

Koma anapitiriza. Anati galimoto ndiyo imadyetsa mudzi uno, iyenera kudzuka, ndipo adzayendetsa ndi msuweni wina amene waphunzira. Mkamwini aimangenso, koma ulendo uno pamaso pawo, kuti asaphonyenso. Zitsulo zina zimene zinapindika pangozi iwo awongola kale, zikungodikira.

Ndinakweza maso pang'ono. Chotsamira mgolo chinali chitsulo chachitali chimene chimalumikiza chiwongolero ndi magudumu, chija chimati ukakhotetsa chiwongolero magudumu n'kumvera. Chinali chakuda ndi moto, chowongoka bwino, ndipo pansi pake dothi linali lonyowa. Anachiviikanso. Mwana wawo ali pampando ndi mwendo umodzi, iwo anachiviikanso, ndipo ankafuna ndichimange ndi manja angawa, amayi akwerenso pamwamba pa matumba, kuti chikadzathyoka padzapezeke mkamwini womumenya.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Nkhuku ndinaiponya, inagwera pamkeka wa amayi ikukupiza mapiko. Ndinaimirira. Amalume anandigwira buluku, ndinawakutumula. Ndinatenga chitsulo chija, ndinachigoneka pa njanji mbali ina ili m'malere, ndinanyamula nyundo yaikulu n'kumenya kamodzi. Chinaduka ngati chinangwa chouma. Chidutswa chinauluka n'kukang'amba msuweni wina pamsongolo, anakhala pansi atagwira mwendo, magazi akutuluka m'zala. Ndinathamangira kukhonde kwanga, ndinatenga mkono wabwino uja ndinabwera nawo panjinga, ndinauika pa njanji pomwepo n'kuumenya katatu ndi mphamvu zanga zonse. Unangolira, n'kutsala ndi timabala titatu.

Asuweni anandithamangira. Ndinazunguza nyundo, inadutsa pafupi ndi nkhope ya woyamba n'kukaphwanya mgolo m'mbali, madzi akuda anakhuthukira pabwalo mpaka kumapazi kwa ankhoswe. Ndinawauza kuti amene ayandikire ndimuswa mutu, ndipo ankadziwa kuti sindinama. Anabwerera. Amalume anga anali atakhala pansi manja kumutu. Apongozi aakazi anadziphimba nsalu kumaso. Mlamu wanga ankayang'ana zidutswa ziwiri zija pansi. Mkazi wanga ananyamula mwana n'kulowa naye m'nyumba ya mayi ake, osati yathu, n'kutseka chitseko. Pamenepo ndinadziwa kuti zatha. Bulangeti langa ndinalimanga pakaliyala masana omwewo, ndipo mwana uja anakula akuitana munthu wina kuti bambo.

Koma ndisanachoke pabwalopo ndinaika nyundo pansi, ndinayenda mpaka pamene anakhala apongozi, ndinaima chilili pafupi moti akanatha kundigwira. Kanali koyamba kuwaona nkhope. Anali ndi maso aang'ono ofiira ndi utsi, ndi kachipsera ka moto pachikope. Anayesa kuyang'ana kumbali. Ndinati:

"Bambo, ndiyang'aneni. Mng'alu uja ndinakuonetsani ndi ufa, munaukanda ndi chikhadabo chanu, munati mwaona. Munawotcha ndinu, munaviika ndinu, munamanga ndinu. Mwendo wa mwana wanuyu mwadula ndinu, osati ine. Nkhukuyo idyani, koma ine sindipepesa."